Chigayo cha Fanesi M'tsinde mwa Namalowe

Ana anga, pali mawu ena amene mumawamva akuluakulu akuponyerana pachitsime kapena pobwera kumaliro, inu n'kumangoseka osadziwa kumene anachokera. Dera lililonse lili ndi nkhani yakeyake ya chiyambi cha mawu otere. Anthu a kwa Mpwaila, m'tsinde mwa phiri la Namalowe, akafuna kufotokoza mwambi umene ndikuphunzitseni lero amayambira pa ana aakazi awiri a bere limodzi. Khalani bwino, nkhaniyi siifuna liwiro.

Wamkulu anali Fanesi, wamng'ono Maliyeta, ndipo anasiyana zaka ziwiri zokha. Kusukulu onse anali akuthwa, koma aphunzitsi sankabisa kuti pa masamu Fanesi analibe mnzake. Chaka chimene iye anasankhidwa kupita ku sekondale, mayi awo, a Nachanza, anagwa ali kumunda, mbali imodzi ya thupi n'kufa ziwalo. Bambo awo anali atamwalira kale. Achibale anakhala pansi n'kugwirizana kuti wamkuluyo ayambe wadikira chaka chimodzi, adwazike mayi ake. Chaka chimodzicho chinabala chinzake. Maliyeta atasankhidwa nayenso, bokosi lachitsulo limene anagulira Fanesi analipereka kwa iye, ndi bulangete lomwe. Fanesi yemweyo ndiye analisenza mpaka pokwerera basi. Pobwerera anapatukira m'munda wa chinangwa, ndipo analira mpaka maso kutupa.

Koma Fanesi sanali munthu wopinda manja. Analima zinanazi, n'kumazisenza yekha kupita nazo kumsewu waukulu. Anakwatiwa, banja linatha, ana ake awiri anakula n'kupita kutauni. Kumunsi kwa mudzi kunali malo athyathyathya otchedwa Pamchenga, amene palibe ankawafuna chifukwa khasu linkangogunda miyala. Fanesi anawapempha kwa amfumu, anazula miyalayo ndi manja ake, anamangapo nyumba ya njerwa zootcha, kenako chigayo, choyamba m'dera lonselo. Anthu ataona kuti Pamchenga pafika moyo, mabanja asanu anatsatira n'kumanga pafupi naye. Mayi ake anawatengera m'nyumba yatsopanoyo. Zaka zonsezo ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa.

Maliyeta anaphunzira mpaka kukhala injiniya wa za nthaka ndi madzi. Ankabwera pa Khirisimasi, kukhala masiku awiri kapena atatu, n'kubwerera. Fanesi ankamuphera nkhuku, kumumangira zinanazi za panjira, ndipo ankadziuza mumtima kuti zakale zija zinatha. Aliyense ndi njira yake, ankatero, ndipo ankakhulupiriradi.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, Maliyeta anabwera ulendo wina. Anabwera pa ntchito, ndi anzake awiri, kudzakhala miyezi itatu. Anatumidwa kudzafufuza za ngozi ya matope ndi miyala zimene zimakokoloka m'phiri mvula ikachuluka, zija makolo amati Napolo. Anali ndi kandege kakang'ono kopanda munthu mkati, kamene kankauluka n'kumajambula phiri lonse. Ankakwera m'zitunda, kukumba maenje kuti aone kuya kwa dothi, ndipo pasukulu ya pulaimale, imene inali pamtunda, anaimikapo chitini choyezera mvula.

Mudzi wonse unatekeseka. Amayi odikira pamzere wa chigayo analibenso nkhani ina koma ya a injiniya. Anthu amene kale ankati "mayi a chigayo" anayamba kumuloza Fanesi kuti "achemwali awo a injiniya aja." A Nachanza, amene lilime linkawalemera, ankalimbana nalo mpaka atauza mlendo aliyense kuti mwana wawo ndiye mwini ndege ikulira kumwambayo. Fanesi ankamva mawuwo ali kuseri, akuchapa nsalu zimene mayi akewo anaipitsira, ndipo china chake chinkamugwira pakhosi. Ankachimeza, koma m'mawa mwake chinkabweranso chitakula.

Tsiku lina masana, chigayo chitazima, Maliyeta anafika yekha ndi kompyuta yake. Anaiika pa benchi n'kupempha mkulu wakeyo kuti akhale pansi. Pagalasi panaoneka phiri la Namalowe, lofanana ndendende ndi limene linali kumbuyo kwawo, ndi mtsinje wa Likhula ukutsika m'mbali mwake. Maliyeta anafotokoza kuti zithunzi za kandege zija ndi miyeso ya m'maenje anazilowetsa m'makinawo, ndipo tsopano atha kugwetsa mvula yongoyerekeza paphiri longoyerekezalo n'kuona kumene dothi lingagumuke ndi kumene lingalowere. Anadina, ndipo mzere wofiira unayamba kutsika pang'onopang'ono ngati magazi pa mwendo.

Fanesi anamvetsa msanga. Anafunsa ngati makinawo akudziwa kuti mitengo ya kumtunda inatha ndi makala, anafunsanso ngati dothi louma ndi dothi lokhuta kale madzi amaliwerengera mofanana. Maliyeta anamuyang'ana modabwa n'kunena kuti anzake aja zinawatengera masabata kuti afike pa mafunso amenewo. Ananena moyamikira, koma kwa Fanesi mawuwo anali ngati tsabola pachilonda. Ndiye kuti ntchito iyi akanaitha. Ndiye kuti munthu wokhala kuseri kwa makinawa akanakhala iye.

"Achemwali," anatero Maliyeta, "mvulayi ndaigwetsa ka makumi anayi, yochepa, yambiri, ya tsiku limodzi, ya masiku atatu. Ikakhala ya masiku atatu yosalekeza, matope sakhota paja Likhula amakhotera, pa Mwala wa Nkhwali. Amalumpha n'kubwera molunjika. Amadzera pano takhala pano."

Kenako anafunsa kuti miyala imene ankazula pomanga ija inali yooneka bwanji. Fanesi anaikumbukira bwino. Inali yosalala, yobulungira, yonga ya mumtsinje, ndipo ngakhale nthawi imeneyo anadabwapo kuti miyala yotere ikutani patali chonchi ndi madzi. Maliyeta anati mtsinjewo kalekale unkadutsa Pamchenga, agogo a agogo awo asanabadwe, ndipo khwawa lake linangokwiririka.

Fanesi anafunsa kuti zimenezo zidzachitika liti.

"Makinawa sadziwa tsiku, achemwali. Amadziwa njira yokha. Mwina chaka chino, mwina patapita zaka makumi awiri."

Akanalekera pomwepo, mwina Fanesi akanagona nazo n'kudzuka ndi maganizo ena. Koma Maliyeta anawonjezera kuti nyengo ya mvula ino atha kuwatenga amayi kuti akakhale kwa iye kutauni, kumene kuli chipatala pafupi. Fanesi anaimirira n'kusasa ufa pachitenje chake.

"Unatenga bokosi langa, ndinakhala chete. Unatenga sukulu yanga, ndinakhala chete. Lero wabwera ndi kanema wakoyu kudzatenga nyumba yanga, ndi amayi omwe? Zaka makumi awiri ndi zisanu unawasambitsapo kangati?"

Maliyeta anatseka kompyuta yake mwakachetechete n'kumapita. Ankayenda ngati munthu amene waponda paminga.

Patatha sabata anaitanitsa msonkhano pasukulu. Anapachika mapu aakulu a mudzi, opakidwa mitundu itatu: pofiira panali poopsa, pachikasu pokayikitsa, pobiriwira pabwino. Pamchenga ponse panali pofiira. Maliyeta anati sakuthamangitsa munthu. Anapempha kuti amene angathe ayambe kuganiza zosamuka, ndipo pakali pano, madzi m'chitini choyezera chija akafika pa mzere umene analemba, a komiti ya mudzi aziimba mawenzulo, onse a pofiira n'kukwera kusukulu. Anachenjeza kuti pothawa munthu asatsike motsata chigwa, koma adutse chopingasa kulowera kuchitunda.

Anthu ankagwedeza mitu movomera. Fanesi anaona nkhope zawo zonse zitaloza kwa mng'ono wake, monga mpendadzuwa uloza dzuwa, ndipo anapezeka waimirira asanaganize. Anafunsa mwaulemu wonse ngati a injiniya angatchule tsiku. Maliyeta anati sangathe. Anafunsa ngati angatchule chaka. Anatinso sangathe.

"Ndiye abale anga, ndithandizeni," anatero Fanesi akutembenukira ku gulu. "Mvula ya m'kompyuta inanyowetsapo ndani? Ine ndakhala Pamchenga zaka khumi ndi zinayi, mvula yeniyeni ikundigwera pamutu. Ndigumule nyumba chifukwa cha mvula ya pagalasi?"

Anthu anaseka kwambiri. Kusekako kunamukomera Fanesi ngati uchi, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni Maliyeta, chinthu chija chinamumasula pakhosi. A Khomba, kalipentala amene anamanga moyandikana ndi chigayo, ananena kuti iwo anatsatira mayi Fanesi pobwera, ndipo adzatsatira mayi Fanesi pochoka. Mayi Fanesi akakhala, nawonso akhala. Maliyeta anapinda mapu ake, maso ali pansi.

Musaganize kuti Fanesi sankadziwa choona. Ankachidziwa kuposa onse amene anaseka aja. M'mawa uliwonse potsegula chigayo ankakweza maso kuyang'ana Mwala wa Nkhwali, n'kuona ndi maso ake kuti kuchokera pamenepo kufika pakhomo pake nthaka inatsetsereka molunjika. Koma kusamuka kunali kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti chinthu chimodzi chokha chimene iye anamanga ndi manja ake anachimanga polakwika, ndipo wonena zimenezo n'kukhala Maliyeta. Zimenezo mtima wake unakana. Ntchito itatha mu Januwale, Maliyeta anabwera kudzatsanzika. Fanesi anamuyankha ali chogwada pamtondo wa chigayo, osatembenuka.

Mwezi wa Malichi wailesi inalengeza za namondwe wochokera kunyanja yamchere. Maliyeta atamva anakwera basi tsiku lomwelo n'kudzafikira kusukulu kuja, pafupi ndi chitini chake. Mvula inayamba Loweruka. Inagwa tsiku lonse, inagwa Lamulungu, ndipo Lolemba kunacha ikugwabe, yopanda bingu, yopanda mphepo yambiri, yongotsika ngati wina waiwala kutseka. Phiri silinkaoneka. Likhula ankalira moti anthu m'nyumba ankalankhulana mokweza.

Chakum'mawa ndithu mawenzulo analira. Mabanja anayi a Pamchenga anasenza zofunda ndi ana n'kukwera, ena mwamanyazi, akuzemba kuyang'ana khomo la Fanesi. Panatsala nyumba ziwiri, ya Fanesi ndi ya a Khomba.

Dzuwa likanaoneka likanakhala lili paliwombo pamene Maliyeta anagogoda. Anali atanyowa mpaka madzi kuchucha m'tsitsi, wopanda kompyuta, wopanda mapu. Fanesi anali atakonzeka kukangana, mawu ali kale pamlomo, koma mng'ono wakeyo sanatchule n'komwe zosamuka. Anavula nsapato, analowa, anakhala pamphasa pafupi ndi mayi awo n'kuyamba kuwasisita mapazi. Fanesi anafunsa chimene wadzera.

"Ndabwera kudzakhala nanu."

"Ukufuna anthu adzanene kuti ndinakupha ndine?"

"Sindikufuna kanthu, achemwali. Kungoti kusukulu kuja sindingakhaleko inu ndi amayi muli kuno."

Fanesi anatembenuka. Anatenga beseni n'kutuluka kuseri ngati akukataya madzi. Ataima pakhonde anamva kuti china chake chasintha, koma poyamba sanadziwe kuti n'chiyani. Mvula inali yomweyo. Kenako anazindikira: ankamva madontho akugwa pa masamba a nthochi. Kwa masiku awiri sanawamvepo chifukwa cha mkokomo wa mtsinje. Likhula anali atakhala chete.

Anathamangira kumapeto kwa munda, pamene mtsinje umaonekera. Madzi amene m'mawa anali atafika m'mizu ya nsungwi anali atatsika, otsalawo akuyenda mwaulesi, olemera ngati phala, ndipo mphepo inkanunkha dothi lofukulidwa kumene ndi mizu yothyoka. Palibe anamuuzapo za chizindikiro chimenechi, koma mutu wake uja unawerengera wokha. Mvula ikugwa paphiri, koma madzi sakutsika. Ndiye kuti pali pena pamene aima, ndipo chimene chawaimitsacho sichikhalitsa.

Analowa m'nyumba beseni atalitaya panjira. "Maliyeta, mtsinje waphwa."

Nkhope ya Maliyeta inasintha. Anangoti watsekeka kumtunda, n'kudzuka. Panalibenso za wamkulu kapena wophunzira. Fanesi anagwada, Maliyeta anakweza mayi awo pamsana pake n'kuwamanga ndi zitenje ziwiri, kenako anathamangira kwa a Khomba. Fanesi anatuluka osatenga kanthu, osatseka chitseko. Miyendo inkafuna kutsika ndi njira ya kumsewu, yosalala ndi yozolowereka, koma mapu aja, amene anawanyoza pamaso pa anthu, anali m'mutu mwake onse, mzere uliwonse. Anadutsa chopingasa m'munda wa zinanazi, masamba ake akumucheka m'miyendo, kulunjika pa mitengo ya mango pamene ankakumbukira kuti kufiira kunathera. A Nachanza ankabuula kumsana, dzanja lawo lamoyo litagwira kolala ya mwana wawo.

Maliyeta, akukoka akazi a a Khomba, anamupeza Fanesi ali pakati pa chitunda. A Khombawo anali atatuluka nawo limodzi, koma pa mpanda anabwerera kuti akatenge macheka ndi zipangizo zawo, akuti n'kanthawi kochepa.

Anali atangofika pa mango paja pamene nthaka inayamba kunjenjemera. Kunamveka ngati malole ambiri akutsika phiri mabuleki ataduka. Mumtambo munatuluka khoma lakuda la matope, lalitali kuposa denga la tchalitchi, litanyamula mitengo yathunthu ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe. Pa Mwala wa Nkhwali silinakhote. Fanesi anaona denga la chigayo chake likutukuka, kupindika ngati tsamba, n'kumira. Nyumba inatsatira. Zonse zinatha munthu asanamalize Atate Wathu.

A Khomba anawapeza chakumadzulo, m'mphepete mwa matopewo, mtanda wa denga utawapsinja mwendo. Anali moyo. Amuna anawanyamula pamachira mpaka kumene galimoto inkatha kufika, ndipo kuchipatala mwendowo anaudula.

Pamchenga sipanafe munthu. Kusukulu kuja anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzagwira Maliyeta dzanja, amayi ena akulira, akuti akanapanda iye bwenzi akukumba ana awo m'matope. Fanesi anakhala pakona ya kalasi, mayi ake atatsamira pa iye. Ndikuuzeni zoona, ana anga, pakuti nkhani yobisa mbali siphunzitsa. Ngakhale pamenepo, wopanda nyumba, atapulumuka ndi chitenje chokha, anamva chinthu chija chikumugwiranso pakhosi poona anthu akuthokoza mng'ono wake. Anachita nacho manyazi kwambiri kuposa umphawi umene unamugwera. Atapita kukazonda a Khomba, iwo anamulandira bwino osatchula kanthu za msonkhano uja. Akazi awo ndiwo anatembenukira kukhoma, moni wake osayankha.

Patatha masabata awiri kunja kunayera, ndipo Fanesi ndi Maliyeta anatsika kukaona Pamchenga. Panalibe njerwa ngakhale imodzi yosonyeza kuti panali mudzi. Panali chigwa chachikulu, ndipo pakati pake, pamene panali chigayo, pankayenda madzi oyera mbee, mwakachetechete, ngati akhala akuyenda pomwepo chiyambire. Anakhala pa tsinde la mtengo wogwa.

Fanesi ndiye anayamba. Anauza mng'ono wake kuti tsiku lija pa benchi anakhulupirira zonse, kuyambira pachiyambi, ndipo pamsonkhano ananama akudziwa. Anati iye ankayesa kuti mtima woipa uja unauma kalekale, pakuti zaka zinapita zambiri osaumva, mpaka anamangapo ubale wooneka bwino, wa nkhuku ndi zinanazi. Koma unali utangokwiririka.

Maliyeta anati naye ali ndi zake. Anati pothawa paja, ndi masiku onse a kusukulu, mayi awo akachita mantha ankaitana dzina limodzi lokha, ndipo silinali lake. Anati zimenezo zinkamupweteka kuyambira kale, n'chifukwa chake ankangokhala masiku awiri n'kuthawa, ndipo mwina n'chifukwa chakenso anafulumira kunena zowatenga.

Fanesi anadabwa, pakuti sanaganizepo kuti munthu wokhala ndi zonse angasirire munthu wochapa nsalu za wodwala. Kenako anayang'ana madzi aja n'kupukusa mutu.

"Madzi saiwala khwawa," anatero.

Amayi ena amene anabwera kudzatola nkhuni zokokoloka anamva mawuwo, anakawanena kumudzi, ndipo a kwa Mpwaila amati ndi mmene anafalikira.

Tanthauzo lake ndi ili. Pamene madzi anadutsapo kale, ngakhale paume zaka zambiri, pamere udzu, anthu amangepo nyumba, tsiku la mvula yaikulu adzabwerera pomwepo. Munthunso ndi chimodzimodzi. Khalidwe limene anali nalo, malo amene anazolowera, chikondi chakale, chidani chakale, zonsezi zimatha kukhala chete mpaka mwini wake kuyesa kuti zinatha, koma mpata ukapezeka zimatsata njira yake yakale. N'chifukwa chake akuluakulu amanena mwambiwu akaona munthu wabwerera ku zimene anasiya, zabwino kapena zoipa. Mwambiwu sukuti munthu sangasinthe ayi. Ukuti munthu wanzeru amadziwa pamene pali makwawa a mumtima mwake, ndipo samanamizira kuti ndi pamtunda.

Fanesi anamanganso, kuchitunda, nyumba yaing'ono ya zipinda ziwiri. Nsanje siinamuthere, ndipo iye sananenenso kuti yatha. Koma Maliyeta akabwera, anthu n'kuyamba kumutamanda, Fanesi akangomva kuti chija chayamba, ankanena poyera kuti, "Mng'ono wanga, kumtunda kwayamba kugwa mvula, ndipatse kanthawi." Ankatuluka, kuzungulira munda, n'kubwerera atapepukidwa. Ndipo zitseko ndi mawindo a nyumba yatsopanoyo anakapempha a Khomba kuti ndiwo apale. Iwo anavomera, ndipo anagwira ntchitoyo atakhala pampando, ndodo zawo zitatsamira khoma, Fanesi akuwagwirira thabwa.